Mnyamata amene ankalemba pa mcenga

Ana inu, tsegulani buku lanu. Taonani zilembo izi. Zonse zaima pa mzere, ngati ana a sukulu m'mawa. Palibe cilembo cogona, palibe cotsimphina. Kodi anazilemba ndani? Kodi dzanja lake silinatope?

Kale kunali mnyamata wina amene ankadzifunsa funso lomweli. Dzina lake ndi Saki Mafundikwa. Kwawo ndi ku Zimbabwe, ndipo cilankhulo ca makolo ake ndi Cishona. Lero timva nkhani yake. Koma tiyambe taona zinthu za pa msewu wathu, cifukwa nchito imene iye anaphunzira timaiona tsiku ndi tsiku, ngakhale sitidziwa dzina lake.

Zikwangwani za pa msewu wathu

Msewu waukulu wa N7 umayambira pa malire a Zóbuè. Umatsika mapiri, umadutsa pa Moatize, nukafika ku Tete. Malole akuluakulu amayenda pamenepo usana ndi usiku. Ena amacokera ku Blantyre. Ena amaoloka Zambezi, amapitirira pa Changara ndi pa Cuchamano, mpaka ku Harare.

Tsiku lina mukadzakwera minibasi ndi amayi, mudzakhale pa windo. Mudzawerenge zikwangwani. Pali cikwangwani cofiira ca mbali 8. Woyendetsa galimoto akaciona amaima. Ngakhale agogo amene sanapite ku sukulu amacidziwa, cifukwa mtundu wake ndi maonekedwe ake zimalankhula zokha. Pali cikwangwani ca njanji, cocenjeza kuti pano pamadutsa sitima ya malasha. Pali dzina la golosale lolembedwa pa khoma ndi penti. Pali cithunzi ca mutu wometedwa bwino pa khomo la wometa tsitsi. Ku cipatala kuli pepala lalikulu la mayi akusambitsa mwana m'manja ndi sopo.

Zinthu zonsezi sizinamere ngati bowa. Pali munthu amene anakhala pansi, naganiza. Anasankha mtundu. Anasankha kukula kwa zilembo. Anasankha pamene cithunzi cikhale ndi pamene mawu akhale. Nchito imeneyi m'Cipwitikizi amati design gráfico. Ife tingati ndi umisiri wa zilembo ndi zithunzi. Mmisiri wa matabwa amapanga mpando kuti munthu akhalepo. Mmisiri wa zilembo ndi zithunzi amapanga cinthu kuti munthu acione, amve, acite.

Onaninso mbendera imene ili pa bwalo la sukulu. Dziko lathu linayamba kuigwiritsa nchito mu 1983. Ili ndi mitundu 5: wobiriwira, wakuda, wacikasu, woyera ndi wofiira. Pa nyenyezi pali buku, khasu ndi mfuti. Buku likunena za maphunziro. Khasu likunena za alimi, monga abambo ndi amayi anu. Palibe mawu olembedwa pa mbendera, koma ikunena zambiri. Imeneyonso ndi nchito ya amisiri a zithunzi.

Saki ndi kamtengo kake

Tsopano tibwerere kwa mnyamata uja. Saki ali mwana analibe mapepala ambiri. Ankatola kamtengo, n'kumajambula pansi. Ankajambula pa mcenga. Ankajambula ngakhale pa mikono ndi pa nchafu zake, monga mmene ena a inu mumacitira khungu likatuwa m'nyengo yozizira. Koposa zonse ankakonda zilembo.

Iye sankadziwa kuti kuli makina osindikiza mabuku. Ankayesa kuti cilembo ciliconse ca m'buku cinalembedwa ndi dzanja la munthu. Ndiye anati mumtima mwake, nanenso ndiyenera kulemba bwino cotere. Analemba, nafufuta, nalembanso. Cilembo cikapindika, ankasalaza mcenga ndi cikhatho, n'kuyambanso.

Mwina museka kuti Saki analakwitsa. Inde analakwitsa, mabuku amasindikizidwa ndi makina. Koma kulakwitsa kumeneko kunamuthandiza. Akanadziwa msanga za makina, mwina akanati, aa, nanga ine ndingapikisane ndi makina? Posadziwa, anapitiriza kuphunzitsa dzanja lake. Ndipo pang'ono sanalakwitse kwenikweni, cifukwa makina asanasindikize cilembo, pamakhala munthu amene anacijambula poyamba.

Abambo ake a Saki anali aphunzitsi. Anaona luso la mwana wawo. Sanamukalipire kuti akutaya nthawi. Anamupatsa nchito yojambula zithunzi ndi zilembo zophunzitsira m'kalasi. Aphunzitsi ena ataona, nawonso anayamba kumupempha. Imeneyo inali nchito yake yoyamba. Apa Saki sankajambulanso zomukondweretsa iye yekha. Ankajambula zoti mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi athe kuwerenga.

Nthawi imeneyo dziko la Zimbabwe linkachedwa Rhodesia, ndipo munali nkhondo yomenyera ufulu. Saki atakula anacoka kwawo, ndipo pambuyo pake anafika ku America. Anaphunzira pa Indiana University. Kenaka anapita pa Yale, sukulu yaikulu ya mu mzinda wa New Haven, kumene anamaliza maphunziro a umisiri wa zilembo ndi zithunzi mu 1985.

Kodi pa sukulu yotere amaphunzira ciyani?

Amaphunzira kuona. Mwina mukuti, kuona timaona kale. Tiyeni tiyese. Lembani b. Lembani d. Lembani p. Zonse zitatu zili ndi kamimba ndi kandodo. Kamimba kakapita kumanja, kandodo kali m'mwamba, ndi b. Kamimba kakapita kumanzere ndi d. Kandodo kakatsikira pansi ndi p. Wophunzira umisiri umenewu amakhala masiku ambiri akuyang'ana tinthu tating'ono totere. Amafunsa kuti, kodi kandodo katalike bwanji kuti mwana wa kalasi yoyamba asasokoneze?

Amaphunzira za mpata. Zilembo zikathithikana ngati anthu m'minibasi, mawu sawerengeka. Zikatalikirana kwambiri, mawu amamwazika ngati nkhuku zoona mphamba. Cimanga timabzala mosiya mpata pakati pa mapando. Zilembonso zimafuna mpata wake.

Amaphunzira za mitundu. Coko coyera cimaoneka bwino pa bolodi lakuda. Koma tengani coko comweco mulembe pa khoma lopaka laimu. Simuona kanthu. Nchifukwa cake zikwangwani za pa msewu zimakhala ndi mitundu yosiyana kwambiri, kuti woyendetsa lole aone ali patali, ngakhale kuli fumbi.

Amaphunziranso kusamala. Imvani izi. Lembani mawu akuti ng'oma. Pakati pa g ndi o pali kacizindikiro kakang'ono m'mwamba, ngati kambewu ka mapira. Ng'oma ndi ija timaimba pa gule. Tsopano cotsani kacizindikiro kaja. Mawu asanduka ngoma, nyama ya m'chire ya nyanga zopotana. Taganizani cikwangwani colembedwa kuti "Tikugulitsa ngoma". Alenje abwera, oimba apitirira! Mmisiri amene sadziwa Cinyanja angaganize kuti kacizindikiroko ndi kacitsotso, n'kukafufuta. Apa mukuona cifukwa cake mabuku ndi zikwangwani za m'Cinyanja zimafuna amisiri olankhula Cinyanja.

Zina sizoseketsa. Pepala la ku cipatala likanena za tsiku la katemera, koma nambala ya tsikulo ndi yaing'ono, yobisika pansi pa maluwa okongoletsa, amayi adzabwera tsiku lolakwika. Adzayenda mtunda wautali ndi mwana kumbuyo, n'kubwerera osathandizidwa. Pepala lokongola limene silimveka ndi pepala lolephera.

Ndiye wophunzira sajambula kamodzi n'kunena kuti ndatha. Amayamba ndi tizithunzi tating'ono tambiri pa pepala limodzi. Amasankha kabwino. Amakakulitsa. Amapacika nchito yake pa khoma, anzake ndi aphunzitsi n'kumanena zimene zalakwika. Zimawawa kumva, makamaka pamene unacezera usiku wonse. Koma amabwerera, n'kukonza. Masiku ano nchito yambiri imathera pa kompyuta, komabe ambiri amayamba ndi pensulo.

Funso limene linamutsata

Pa Yale, zilembo zimene ankaphunzira zinali za ku Ulaya, zomwe zino timalembera Cipwitikizi ndi Cinyanja. Saki anayamba kufufuza funso lina. Kodi anthu a mu Afrika analibe zilembo zawozawo? Anthu ambiri nthawi imeneyo ankangoti analibe. Iye anafufuza, napeza kuti zilipo, ndipo ndi zambiri.

Ku Ethiopia kuli zilembo zakale kwambiri, ndipo ana a sukulu kumeneko amazigwiritsabe nchito. Ku Liberia, anthu a mtundu wa Vai ali ndi zilembo zawo pafupifupi 200, zimene Momolu Duwalu Bukele anakonza m'zaka za m'ma 1830. Ku Cameroon, mfumu Njoya ya anthu a Bamum inayamba kupanga zilembo ca m'ma 1896. Inatsegula masukulu ophunzitsa zilembozo, ndipo mbiri ya anthu ake inalembedwa m'zilembo zomwezo. Ku Ghana kuli zizindikiro za adinkra zimene amadinda pa nsalu, ciliconse ndi tanthauzo lake. Ku Angola, akuluakulu a mtundu wa Chokwe amaboola timadontho pa mcenga ndi zala, n'kuzunguliza mzere pakati pake uku akufotokoza nthano. Zojambula zimenezo amati sona. Taonani, mcenga uja wabweranso.

Atamaliza sukulu, a Mafundikwa anagwira nchito zaka zambiri ku New York. Ankakonza maonekedwe a mabuku, ndipo ankaphunzitsa pa sukulu yochedwa Cooper Union. Nchito inali yabwino. Koma anabwerera kwawo, ndipo mu 1999 anatsegula sukulu ya umisiri umenewu ku Harare, yochedwa ZIVA. M'Cishona mawu akuti ziva ndi amodzimodzi ndi athu akuti dziwa. Mu 2004 anatulutsa buku lawo, Afrikan Alphabets, mmene anasonkhanitsa zilembo zija. Kucokera pa Yale kufika pa bukuli panapita zaka pafupifupi 20.

Cimene ankauza ophunzira awo cinali cakuti asamangotengera za kunja. Ayang'ane kaye zimene zili pakhomo pawo.

Kutsidya kwa Zóbuè

Msewu wathu uja uli ndi mbali ziwiri. Mbali ina ukupita ku Harare, kwa a Mafundikwa. Mbali inayo, mukadutsa pa Zóbuè ndi pa Mwanza, mufika ku Blantyre. Ku Malawi kumeneko kunapezeka munthu wina amene anacita cinthu codabwitsa ndi cilankhulo cathu comwe cino. Dzina lawo ndi a Nolence Mwangwego.

Mu 1977 a Mwangwego anapita ku Paris, ku France. Kumeneko anaona kuti pa dziko lapansi pali mitundu yambiri ya zilembo, osati a, b, c yekha. Anaganizira mawu athu akuti kulemba. Anati, ngati makolo athu anali ndi mawu amenewa, ndiye kuti panali cimene ankalemba. Mu 1979 anayamba kupanga zilembo zatsopano zolembera zilankhulo za ku Malawi. Anakonza, nasintha, nakonzanso, kufikira mu 1997 pamene anazionetsa kwa anthu. Werengani zaka zimenezo ndi timiyala. Ndi zaka 18. Mwana wobadwa pamene iwo ankayamba anali atakula n'kukhala mnyamata wolima munda wake.

Zilembo za a Mwangwego zimayenda ngati maphatikizo amene mukuphunzira. Inu mumati ba, be, bi, bo, bu, ndipo pa phatikizo lililonse mumalemba zilembo ziwiri. Iwo anapanga cizindikiro cimodzi ca ba. Mukafuna be kapena bo, mumangoonjezera kacizindikiro kakang'ono pa ba yemweyo. Zizindikiro zikuluzikuluzo zilipo 32, ndipo anazicha misisi.

Tinene zoona. Zilembo zimenezi sizinalowe m'masukulu onse, ndipo anthu amene amazidziwa ndi ocepa. M'kalasi mwanu mupitiriza kuphunzira a, e, i, o, u. Koma tsopano mwadziwa kuti cilembo ndi cinthu copangidwa ndi munthu, monga mphika kapena mtondo, ndipo munthuyo akhoza kukhala wolankhula ngati inu.

Nanga kwathu kuno tiyang'ane kuti?

Yambani ndi mphasa imene mwakhalapo. Onani mmene bango lagonera. Onani licero la amayi, mmene nsungwi zalowerana, ina pamwamba, ina pansi. Onani mizere imene woumba anadinda pa khosi la mtsuko dothi lisanaume. Onani kapulana ya azakhali. Duwa limodzi labwerezedwa kangati? Pa mphepete pali ciyani? Onani khoma limene atsikana atsira ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Amene anacita zimenezi anasankha mtundu, anasankha mpata, anabwereza mzere. Ndi zomwe zija amaphunzira pa Yale.

Makolo akale anajambulanso pa miyala. Ku Dedza, m'dziko la Malawi, kufupi ndi malire a Angónia, kuli mapiri a Chongoni. Kumeneko kuli malo 127 a zithunzi za pa matanthwe. Zina ndi zofiira, zojambulidwa ndi Akafula amene ankakhala kuno kalekale. Zina ndi zoyera, zojambulidwa ndi Acewa pogwiritsa nchito dothi loyera. Zambiri mwa zoyerazo zinali zophunzitsira atsikana pa cinamwali. Ndiye kuti thanthwe linali bolodi, ndipo anamkungwi anali aphunzitsi. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowo pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. M'cigawo cathu ca Tete mulinso zithunzi za pa miyala, monga za ku Chifumbazi.

Mawu kwa makolo

Inu abambo, amayi ndi agogo amene mukuwerengera ana nkhaniyi, mbali ino ndi yanu. Mwana wojambula pa khoma ndi khala amatopetsa, makamaka khoma likakhala lotsira kumene. Kope ndi ndalama, ndipo mwana akalidzaza ndi zithunzi za malole mtima umawawa. Zimenezo ndi zoona. Koma musanatenge kamtengo kokwapulira, onani kaye cimene wajambula.

Mmisiri wamkulu wa dziko lathu, a Malangatana, anabadwira ku Matalana, m'boma la Marracuene, mu 1936. Ali mwana ankaweta ziweto. Atapita ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, anapeza nchito yotola mipira pa bwalo la masewero a tenesi. Kumeneko a Augusto Cabral anaona zojambula zawo, nawapatsa penti ndi zipangizo. Kenaka a Pancho Guedes, mmisiri wojambula mapulani a nyumba, anawapatsa garaja kuti azijambuliramo. Mu 1961 anaonetsa zithunzi zawo paokha koyamba. Anamwalira mu 2011, dzina lawo litamveka m'maiko ambiri, ndipo zithunzi zawo za pa makoma zikuonekabe ku Maputo. Kwa a Malangatana anali munthu wa pa bwalo la tenesi. Kwa a Mafundikwa anali abambo awo. Pa nkhani zonse ziwiri panali wamkulu amene anaima n'kuyang'ana.

Kodi luso limeneli limadyetsa? Funso limenelo ndi loyenera. Si onse ojambula amene amalemera, ndipo sitikulonjezani zimenezo. Koma pa Moatize pomwe pano pali anthu amene amadya za penti ndi bulashi. Amalemba maina a magolosale, a zigayo ndi a masukulu. Ena amadinda mawu pa malaya a timu ya mpira. Ena amakonza makadi a ukwati pa kompyuta. Ambiri a iwo anaphunzira pogwirira mmisiri wina citini ca penti. Amene afuna kupitirira, ku Maputo kuli Escola Nacional de Artes Visuais, sukulu imene inayamba mu 1983, ndipo ku Matola kuli sukulu ya ukacenjede ya ISArC. Ndi kutali, ndipo kuti mwana akafike kumeneko ayenera kukhoza maphunziro onse, masamu ndi Cipwitikizi comwe. Wojambula cikwangwani amayeza khoma, amawerenga zilembo, amagawa mpata. Wosadziwa masamu amayamba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumaliza ndi tating'ono topanikizana pa ngodya. Zikwangwani zotere tonse tinazionapo.

Mwana wa kalasi yoyamba safuna zambiri. Bwalo losesa ndi pepala lake. Khala la pa moto, katoni yakale ya sopo, dothi lofiira losungunula m'cigoba, nthenga ya nkhuku kapena kamtengo kotafuna kunsonga, zimenezo zakwana. Mupatseni kanchito koona. Alembe mtengo wa tomato pa katoni ya pa msika. Alembe dzina la banja pa thumba la cimanga lopita ku cigayo.

Tiyeni tiyese

Ana inu, madzulo ano salazani mcenga pa bwalo. Tolani kamtengo. Lembani cilembo coyamba ca dzina lanu, cacikulu ngati licero. Cilembeni katatu: cina conenepa, cina coonda, cina cokongoletsa ndi mizere imene mwaona pa mtsuko kapena pa kapulana. Mukatha, itanani agogo kapena acimwene anu. Aime patali, pafupi ndi nkhokwe. Afunseni kuti ndi citi cimene akuciona bwino. Musakwiye ngati sasankha cimene inu mukucikonda. Afunseni cifukwa cake, salazani mcenga, mulembenso. Mawa mudzauze aphunzitsi cimene agogo anasankha.